Ndiwo Zopanda Mchere

"Kodi kwanu ku Mozambiki mchere nawo unathawa nkhondo?"

Annette anafunsa atanyamula mbale ya utaka, akuinunkhiza ngati mwagwera buluzi. Anali mlongo wamkulu wa Fanwell, ndipo chifikireni kuchokera ku Dedza sanapezemo kanthu kabwino m'nyumba ya aphunzitsi ija ya ku Lungwena. Celestina, mkazi wa Fanwell, anatula beseni la madzi osamba m'manja nayang'ana mwamuna wake. Fanwell anali pampando wa nsungwi, miyendo atasanjika pa ndowa yovundikira. Inali itatupa mpaka kunyezimira ngati mabilinganya, ndipo nsapato zake za kusukulu zinali zitayamba kugwira fumbi kuseri kwa chitseko.

"Adokotala anati tisiye mchere, alamu. Impso zawo zatopa."

"Zanga nazo zatopa?"

"Wanu uli m'kambale ako. Mutha kuthira."

"Ndithire ndekha, m'nyumba muli mkazi?" Annette anaseka osatsegula pakamwa. "Dzana ndinakuonani. Nyemba zanga zija munatuma mwana wanu Stacey kuti athire mchere. Mwana wamng'ono, inu mutaima pomwepo."

"M'manja mwanga munali sopo."

"Sopo. Ehe."

"Achemwali, tiyeni tidye," anatero Fanwell, mawu ali pansi.

"Udye chiyani, iwe? Tamvera. Ine ndi iwe tinatuluka mimba imodzi. Tinayamwa bere limodzi. Shuga anayamba ine, iwe usanakwatire n'komwe. Mapiritsi ndi omwewo, tiyi wowawa ndi yemweyo. Taona miyendo yanga." Anakweza chitenje mpaka m'maondo, naonetsa miyendo yowuma ngati mipini ya makasu. "Ine ndimakwera phiri ndi thumba la kachewere pamutu. Iwe shuga wadzulodzuloyu wakusandutsa chibaluni. Magazi amodzi, matenda amodzi. Chasiyana n'chiyani? Chasiyana ndi dzanja lokuphikira."

Celestina anakulira ku Chiponde, kumalire, kumene makolo ake anakhazikika atathawa nkhondo, koma za mdulo ankazidziwa. Palibe mtsikana amakula osauzidwa. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina sayenera kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake. Akathira wamudula: miyendo imatupa, nkhope imatupa, mpweya umachepa. Tsono iye akanathira, akanati mchere wake ndiwo wadula munthu. Wasiya kuthira, akuti wadzigwira yekha.

"Nenani zimene mukufuna kunena, alamu."

"Ine ndanena kanthu? Utsi sufuka popanda moto. Ndangofunsa za mchere."

Fanwell anasamba m'manja nayamba kudya osayang'ana aliyense. Chimene chinamulasa Celestina si mawu a mlamu wake ayi. Chinali chakuti mwamuna wake, asanaike nsomba m'kamwa, anaima kaye pang'ono, naiyang'anitsitsa.

Tsiku la sikelo ya odwala shuga Celestina anapita ndi Fanwell kuchipatala ku boma. Annette anakana kulowa. Anati fungo la kumeneko limamuzunguza mutu, nakhala pansi pa mtengo panja, chikwama atachikumbatira.

Dokotala anali mtsikana wamagalasi, wolankhula mofulumira. Anadina mwendo wa Fanwell ndi chala, ndipo kadzenje kanatsala pomwepo osabwerera.

"Mkodzo ukuchitabe thovu?"

"Ukuchita."

"Aphunzitsi, ndikufunseninso. Kwanu alipo amene anadwalapo impso? Wotupa chonchi?"

"Ndinayankha kale pamene ndinkayamba kulandira mankhwala. Kwathu kulibe. Amayi anamwalira ndi chibayo. Amalume ali moyo. Achemwali ali panjapo, shuga ali naye, koma ali gwa."

"Achemwali anuwo, bambo wanu ndi mmodzi?"

Fanwell anakanda pachibwano. "Ayi. Iwo bambo awo ndi ena. Koma ndife amodzi, mayi mmodzi."

"Nanga kwa bambo anu kuli bwanji?"

"Kumeneko si kwathu, adokotala."

Mtsikana uja anavula magalasi natikita m'maso.

"Kumudzi mwina si kwanu. Koma thupi silidziwa za mbumba. Munthu amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, afune asafune. Shuga amawononga impso, inde, koma sawononga mofanana. Pali mabanja amene impso zawo zimagonja msanga, ena zimapirira mpaka ukalamba. Sikuti aliyense wa m'banja lotero adzatupa ayi. Koma munthu akamadziwa, amasamala kuyambira kale, amayezetsa mkodzo pafupipafupi, amagwira kuthamanga kwa magazi kusanavute. Kafunseni. Si za inu nokha, muli ndi mwana."

"Ndichira?"

"Impso zikafika apa sizibwerera. Tingathe kuchedwetsa. Ndikutumizani ku Blantyre kumene kuli makina otsuka magazi, koma odikira ndi ambiri. Mchere ayi. Mizu ndi makungwa ayi, chonde. Zimenezo zimamaliza impso zotsalazo."

Atafika kunyumba, Celestina anafotokozera mlamu wake zonse, akuganiza kuti nkhani ya mchere ithera pomwepo. Annette anaomba m'manja.

"Bambo! Bambo wake uti? Rabson? Msilikali uja anabwera kwathu ndi kachikwama kamodzi, nachoka Fanwell akukwawa? Mkamwini ndi tambala wobwereka, mlamu. Akalira amabwerera kwawo. Anapiye ndi a thadzi. Lero mukufuna kukafukula tambala wakufa ku Nkhudzi kuti asenze mlandu wanu?"

Umo ndi mmene Celestina anamvera koyamba dzina la apongozi ake aamuna, ndi kwawo komwe. M'zaka zonse za ukwati wawo, Fanwell sanawatchulepo.

Posakhalitsa nkhani inafika pamjigo. Akazi a aphunzitsi anzawo, amene kale ankabwereka lichero n'kuseka naye, tsopano ankadula nkhani iye akamatula ndowa. Dzina la mwamunayo linapezekanso lokha: Swadick wa njinga yamoto, amene ankamutenga kukalandira mapiritsi ku boma. Swadick anali ndi akazi awiri ndi mano osakwanira, koma miseche sisankha nkhope.

Choopsa chinali m'nyumba. Fanwell, amene sanagwirepo foni ya mkazi wake, anayamba kuitenga ati aone nthawi. Celestina akachokera kumsika ankafunsidwa amene wakumana naye panjira. Fanwell ankafunsa ngati akuseka, koma yankho ankalidikira.

Annette naye sanagone. Anapita kwa mkulu wina kuseri kwa msika nabwera ndi mizu yonyikidwa m'botolo la mafuta ophikira. Mankhwala aja, anatero, sagwira pokhapokha wodulayo avomere pamaso pa mwamuna wake, ndi kuthira yekha mchere m'chikho. Botolo linakhala pawindo, madzi ake akufiirabe, kudikira.

M'mawa wina Celestina anati akupita kukaona amayi ake ku Chiponde. Linali bodza lake loyamba m'nyumba imeneyo, ndipo linamulemera ngati mtondo. Pasiteji panali njinga imodzi yokha, ya Swadick. Anakwera. Ku boma anakwera minibasi yolowera ku Monkey Bay, natsika panjira ya ku Nkhudzi dzuwa lili paliwombo.

Anafunsa kwa a Rabson amene anali msilikali. Anyamata osoka ukonde anayang'anana. Wina anati a Rabson anapita kale, koma ngati akufuna wodziwa za iwo, apite kumathandala oyanikira nsomba, afunse mayi Mwanamvua.

Anawapeza akutembenuza usipa pathandala, mayi wokalamba, wochepa thupi, mpango utaphimba mutu ndi khosi.

"Ndine mkazi wa mwana wa a Rabson," anatero Celestina atagwada. "Wa ku Dedza uja."

Manja a mayi uja anaima. "Fanueli? Ali moyo? Che Rabson ankamutchula. Ine ndinali mkazi wawo."

"Ali moyo, koma akudwala. Shuga. Tsopano miyendo..."

"Yatupa. M'mawa nkhope ngati yolumidwa ndi njuchi. Mkodzo ngati mwasungunula sopo. Akagona chagada mpweya umathawa."

"Mwadziwa bwanji, amayi?"

"Mwanangu, ndinachapa zofunda za matenda amenewo mpaka zala kusupuka. Che Rabson anapita nawo. Mng'ono wawo Latif, naye wa shuga, anapita nawo. Mlongo wawo yekha ndiye shuga ali naye mpaka lero koma satupa, kaya Mulungu anamuumba ndi dothi lina. Madzi saiwala khwawa, mwanangu."

"Ndiye achibale ankati chiyani?"

Mwanamvua anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma ngati usipa womwewo.

"Kuno timati ndaka. Kwa amuna anuwo amati mdulo. Ankati ndine. Ndinakana mpaka mawu kutha. Kenako ndinaona munthu akubanika, akundiyang'ana ngati ndamubisira moyo m'chitenje. Ndinati kaya, mwina ndikavomera achira. Ndinavomera. Ndinatchula dzina la munthu amene sindinagwirane naye ngakhale chanza. Ndinathira mchere, iwo anamwa. Mwezi sunathe."

Anatola kausipa kamodzi kamene kanagwa pansi, nakapukuta mchenga.

"Pamaliro anandiletsa kulowa m'nyumba. Ndinalirira kuseri kwa mpanda ngati wakuba. Latif atayamba kutupa ndinati lero abwera kudzapepesa. Palibe anabwera. Anangotembenuza maso, nayamba kuyang'ana mkazi wa Latif."

"Tiyeni mukawauze alamu anga, amayi. Ndikupemphani."

"Ine? Mkazi amene anavomera ndi pakamwa pake? Adzati akuba awiri akuikirana umboni." Anakokera usipa m'kapepala kapulasitiki namupatsa. "Kampatseni Fanueli. Mulibe mchere, n'dzuwa lokha. Mukamuuze kuti bambo ake anali ndi mpata m'mano, ndipo ankaimba akamameta ndevu. Zina zonse n'zoipa, koma izo akhale nazo."

Celestina anafika ku Lungwena ana akuweruka kumasewera. Annette anali pakhonde, manja m'chiuno.

"Chiponde anasamukira ku Monkey Bay? Amayi a kwaya akuonani ku boma mukutsika panjinga ya Swadick, mukukwera minibasi yolowera kunyanja. Kumalo ogona alendo kuja kunali bwino?"

"Ndinali ku Nkhudzi."

"Fanwell, ukumva? Wavomera yekha kuti ananama."

Celestina anadutsa mlamu wake nalowa m'nyumba. Anaima pamaso pa mwamuna wake nafotokoza zonse, za a Rabson, za Latif, za mlongo wawo wosatupa, za mayi wolirira kuseri kwa mpanda. Anafotokozanso za mpata m'mano. Fanwell anakhudza mano ake ndi lilime.

"Ndiye umboni wanu ndi umenewo?" Annette anali pachitseko. "Nkhalamba imene inavomera yokha kuti inadula mwamuna? Mwangotiuza kuti Rabson naye anakwatira njoka. Amuna a kumeneko sadziwa kusankha akazi, icho ndiye Fanwell anatengera. Chibale ndi fupa, mlamu, sichiola. Inu munabwera ndi chikwama, mudzapita ndi chikwama. Ine ndi amene ndidzamuike m'manda."

"Achemwali," anatero Fanwell, "tatulukani pang'ono."

Annette anatuluka, koma chitseko anachisiya chotsegula.

"Cele, khala apa."

Anakhala pamkeka pafupi ndi ndowa ija. Fanwell anatambasula dzanja. Zala zinali zitatupa mpaka mphete ya ukwati kumira m'mnofu.

"Ndamva zonse. Tsono tamvera. Ngati ndi za bambo, ndiye kuti ndapita. Dokotala ananena yekha, sizibwerera. Ndiye kutinso mwina Stacey wanyamula, ndamupatsa ine, ine amene ndilibe ngakhale munda woti ndimusiyire. Koma ngati ndi mdulo..." Anayang'ana botolo pawindo. "Mdulo uli ndi mankhwala, Cele. Anthu amachira. Kwathu ndinaonapo."

"Ndiye mukufuna kuti ndikhale kuti ndinachita?"

"Ndikhululuka. Ndikulumbira, sindidzakufunsa dzina. Ungovomera basi."

"Ndivomere chimene sindinachite?"

"Ndikamapemphera masiku ano," anatero Fanwell, misozi ikutsika pankhope yotupa ija, "ndimapempha kuti ukhale kuti unachita."

Celestina anagwira dzanja lija ndi manja onse awiri. Uyu anali munthu amene anamuphunzitsa kuwerenga Chingerezi pogwiritsa ntchito mapepala okulungira zitumbuwa, amene ankanyamula Stacey pakhosi mpaka kutchalitchi. Mawu oti inde anafika palilime penipeni. Anali mawu aafupi, osavuta, ndipo akanamugoneka mwamuna wake tulo tabwino.

"Mayi Mwanamvua anavomera," anatero pamapeto pake. "Bambo anu anamwa, namwalira. Ndikavomera, mumwa zili m'botolomo, zimene dokotala anati zimaliza impso. Ndipo Stacey adzakula akudziwa kuti bambo ake anaphedwa ndi amayi ake, m'malo modziwa kuti azikayezetsa. Ndikusambitsani, bambo a Stacey. Ndikuberekani mpaka ku Blantyre, ndikagona pansi pa bedi lanu. Koma mchere uwo sindithira."

"Wamva, Fanwell?" Annette anali atabwereranso. "Akukana kukupatsa moyo. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankha."

Fanwell anabweza dzanja lake pang'onopang'ono, naliika pamimba.

Galimoto yotengera Fanwell ku Dedza inafika Loweruka m'mawa. Annette anali atanena kuti kwawo kuli munthu wochiza mdulo ngakhale wodulayo atakana. Aphunzitsi awiri anamunyamula Fanwell namuika kumpando wakumbuyo, mapazi opanda nsapato atakulungidwa m'chitenje. Akazi a pamzere wa nyumba za aphunzitsi anaima chapafupi ndi ndowa zawo, ati akupita kumjigo. Stacey anali atatumizidwa kwa anzake kuti asaone.

"Mwana sitikulandani," anatero Annette akukhala kutsogolo, botolo lija lili pamiyendo. "Mwana ndi wa mkazi. Ife tatenga wathu."

"Cele."

Mawu anachokera pawindo lakumbuyo. Celestina anayandikira, nawerama.

"Stacey akakula, umuuze za ku Nkhudzi," ananong'ona Fanwell. "Akadzamufunsa kuchipatala, asadzayankhe ngati ine."

Celestina anamuyang'ana m'maso.

"Ndiye mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa kuti sindinakuduleni."

Fanwell anagwedeza mutu kuvomera.

"Tsikani, tipite ku Blantyre."

"Ndikuopa, Cele. Kumeneko ndikafera pamzere, pakati pa alendo. Kwathu mwina ndikafera pafupi ndi manda a amayi."

Celestina anagwira chitseko cha galimoto mpaka zikhadabo kuyera.

"Chabwino, pitani. Sindikuletsani. Koma nenani mokweza. Awa amve, achemwali anu amve. Mungoti mkazi wanga alibe mlandu. Ine ndikhala pano ndi mwana wanu, ndizitunga madzi ndi anthu amenewa."

Fanwell anayang'ana msana wa mlongo wake, amene anali atamusiyira munda wake osapalira kuti adzamutenge, amene ati amunyamule potsika, amudyetse, amuike m'manda. Anayang'ana akazi aja ndi ndowa zawo. Anakoka mpweya movutikira, natsegula pakamwa.

"Tsalani bwino nonse," anatero mokweza.

"Adalaiva, dzuwa likukwera," anatero Annette.

Galimoto inanyamuka, ndipo Celestina anachotsa dzanja pachitseko kuti lisamukoke. Inayenda pang'onopang'ono m'mabampu a bwalo la sukulu, mutu wa Fanwell ukugwedera pawindo, osacheuka. Itakhota pamsewu waukulu, akazi aja anatola ndowa zawo napita kumjigo, kudzera njira yozungulira, yosadutsa pakhomo pake.